Pamenepo Pali Munthu

Pa maliro a a Zgambo, woyendetsa mwambo anapempha kuti aliyense wolankhula alankhule mwachidule, poti kumwamba kunali kutada kale cha ku Chikomeni. Ine ndinali pakati pa azimayi, ndipo ndinadzigwira pakamwa ndi chitenje. Anzanga ankaganiza kuti ndi chisoni. Chisoni chinalipo ndithu, koma chimene ndinkatsekereza panthawiyo chinali phwete. Kufupikitsa mawu pa maliro a munthu amene pafupifupi moyo wake wonse sankafupikitsa ngakhale moni. Akanakhala kuti akumva m'bokosimo, akanagogoda n'kupempha kuti mwambo uyambirenso. Sabata ino tavundukula chiliza chawo, ndiye ndati ndilembe za iwo, ine NyaZimba, amene ndinakangana nawo kuposa wina aliyense m'gulu lathu.

Anali mkulu wamtali, wowonda, wa chipewa cha nsalu chosuluka mpaka palibe ankakumbukira mtundu wake. Anabadwira konkuno ku Mwase Lundazi, ndipo fodya anamulima mpaka msana unayamba kukana. Anali ndi njinga yakuda ya belu lolira kwambiri, koma ankaikankha kuposa kuipalasa, chifukwa kwa iwo kupereka moni uli pa chishalo chinali chipongwe. Akakuona ankatsika, kuvula chipewa, n'kuyamba malonje. Ankayambira pa mmene kunachera, ng'ombe ya mnansi imene ikutsimphina, madzi amene adutsa pamwamba pa kamlatho, amene anawatuma moni ndi amene anaiwala kuwatuma. Ukawafunsa kumene akupita, ankakuyankha kumene achokera. Anthu othamangira minibasi ya ku boma akawaona patali ankakhotera m'chimanga.

Iwo ankadziwa kuti anthu amawathawa, koma sankaona cholakwa. Ankati nkhani yopanda chiyambi chake ili ngati mbuzi yogula pamsewu, sudziwa khola limene yachokera. Ankatinso kulumpha dzina la munthu pofotokoza chinthu chimene iye anayambitsa ndi kuba, kofanana ndi kusuntha malire a munda mwini wake ali kuchipatala. Mwana wawo wa ku Lusaka anawagulira foni, koma mayunitsi ankatha asanafike pa chimene aimbira. Kutchalitchi anawalanda udindo wa zolengeza, chifukwa zolengeza zawo zinkatalika kuposa ulaliki. Anakwiya dzinja lonse, n'kumakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, ndipo kumenekonso ankalengezera amene akhala nawo pafupi.

Ndiye mungamvetse mmene zinatipwetekera kuti chaka chawo chomaliza anachikhala opanda mawu. Sitiroko inawagwira m'mawa wina akumanga katundu pa njinga, inapha mkono wamanja n'kuwamanga lilime. Koma za matendawo ndinena pambuyo. Iwo sakanalola kuti ndiyambire kumapeto.

Gulu lathu ndi la azimayi opanga chiponde, ndipo amene analiyambitsa anali akazi awo, NyaMtonga. Chaka china cha njala, mwana wawo womaliza, Suzgo, anatupa mapazi n'kumwalira. Maliro atatha, NyaMtonga anatenga mtedza wa chalimbana umene anasunga kuti ukhale mbewu, kuukazinga, kuusinja mu mtondo, n'kumapita nawo kusikelo ya ana. Mayi aliyense wa mwana wowonda ankamupatsa supuni yoti akaike m'phala. Azimayi ena ataona zimenezo anabweretsa mitondo yawo, ine ndinalowa mochedwa. Patapita zaka tinayamba kuika chipondecho m'mabotolo n'kumagulitsa pamsika wa ku boma.

NyaMtonga atamwalira, a Zgambo anafika pa msonkhano wathu wotsatira atanyamula munsi wa akazi awo, n'kukhala pa kampando kawo. Palibe anawaitana, palibenso anawathamangitsa. Kusinja sankatha, ankamwaza mtedza pansi mpaka tinawaletsa. Anatipatsa chigafa chawo chakale cha fodya kuti tizigwiriramo ntchito, ndipo pang'ono ndi pang'ono anasanduka wotilankhulira. Mlendo aliyense wofika pachigafapo ankamva nkhani yonse: njala ija, Suzgo, mtondo woyamba, ndi mayina a azimayi onse oyambirira, amoyo ndi akufa omwe. Ife tinkaidziwa pamtima. Akafika pa Suzgo tinkadziwa kuti mtedza wa pamoto uyenera kuphulidwa.

Koma gululo linali kufa, ndipo tonse tinkaona. Mikono yathu inali itakalamba. Atsikana sankafuna matuza a munsi, ankakonda kugulitsa mtedza wosasenda kwa mavenda n'kuthana nazo tsiku lomwelo. Tinatsala ochepa, ndipo tinali titayamba kale kukambirana zogawana mapoto ndi mabeseni tikakolola. Nthawi imeneyo ndi pamene kunabwera a Tembo, mayi wachitsikana, mlangizi wa zamalonda wa ku boma. Anati kuli anthu ochokera ku Lusaka amene akufuna timabizinesi ta kumudzi toti atipatse makina. Koma makina sapereka chifukwa cha chisoni, mumaimirira pamaso pawo n'kuwafotokozera bizinesi yanu, poyamba ku boma, opambana n'kupita ku Chipata. Kufotokozako a Tembo ankakutchula kuti pichi, ndipo a Zgambo anafunsa ngati tikasewerenso mpira. Anauzidwa kuti ndi mphindi zitatu zokha, zikatha belu limalira. Anagwedeza mutu ngati amva. Ife, chifukwa cha ulemu, tinawalola kuti akatilankhulire.

Za tsiku la ku boma sindikonda kuzikumbukira. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, anaima bwinobwino, n'kuyamba kulonjera majaji mmodzimmodzi, kufunsa mmene ayendera ndi mmene asiyira kunyumba. Analonjeranso mafumu amene kunalibe. Belu linalira ali pa chaka cha njala, mawu oti chiponde asanatuluke pakamwa pawo. Poganiza kuti ndi belu la sukulu yapafupi, anapitiriza. Linaliranso, ndipo munthu wina anabwera kudzawalanda chimkuzamawu m'manja. Holo yonse inaseka. Anabwerera pampando chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi, ndipo ine ndinawamvera chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Chimene chinatipulumutsa ndi botolo limene tinasiya patebulo. Jaji wina analawa ndi chala, analawanso, kenako anati gulu ili lipite ku Chipata, koma lipeze munthu wodziwa kufika pa nkhani.

Pobwerera ndinawauza a Zgambo mosabisa kuti ku Chipata akalankhule wina. Ndinati walira mvula walira matope, ngati tikufuna makina tivomerenso belu lawo. Ndinanenanso zina zowawa, zoti mayina a akufa sangasinje mtedza. Anakankha njinga mtunda wautali osayankha, chinthu chimene sindinachionepo. Kenako anaima.

"Mwana wane, gulu iyi ikafa, NyaMtonga azafa kawili," anatero. "Nipatseniko mpata, niphunzile kukamba pang'ono."

Tinayamba kukumana m'chigafa masana aliwonse. A Tembo ankabwera ndi laputopu yawo, ine ndinkayang'ana nthawi pa foni, ndipo m'malo mwa belu la majaji tinkagwiritsa ntchito belu la njinga ya a Zgambo omwewo. Ndinkaliza ndine. A Tembo anati majaji amafuna kumva zinthu zochepa: vuto limene mukuthetsa, chimene mukugulitsa, amene akugula, ndi chimene mukupempha. Chilichonse chosayankha mafunso amenewa chichoke. Anakonzanso zithunzi zoonetsa pakhoma, chithunzi chimodzi mfundo imodzi, ndipo anatiletsa kulembapo mawu ambiri. A Zgambo anabweretsa chithunzi chakale cha kwaya, mmene NyaMtonga ankaoneka nkhope theka kumbuyo kwa mayi wina, kuti chikhale choyamba. A Tembo anachiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti poyamba pafunika botolo.

Kudulako kunayenda ngati kuzula mano. Poyamba anachoka mafumu, mvula ndi msewu. Moni yense anasanduka mawu awiri, ndipo a Zgambo anadandaula kuti ngakhale galu amalonjeredwa bwino kuposa pamenepo. Kenako inachoka njala. Mayina a azimayi oyambirira tinakanganirana masiku angapo. Iwo ankayesa kuwatchula mothamanga ngati mwana wowerenga pamtima, ine ndinkaliza belu, iwo n'kumandinena kuti ndili ndi mtima wa kondakitala. Tsiku limene anachotsa Suzgo sanakangane ndi munthu. Anangodumpha pamenepo okha, n'kupempha madzi akumwa.

Anatsala NyaMtonga. A Zgambo anali atawapanikiza m'ziganizo zochepa, za mayi amene anasinja mbewu yake kuti ana a eni ake akhale ndi moyo. Zinali zokoma, ine ndinkalira nazo. Koma akafika pamenepo mawu awo ankanjenjemera, ankachedwa, ndipo belu linkawapeza asananene kuti tikupempha makina. Tinayesa kudula kwina, sizinatheke. A Tembo ananena modekha kuti pichi yopanda pempho ndi ulendo wopita kuchigayo wopanda chimanga. Palibe mwa ife analimba mtima kunena chimene chinayenera kuchoka, ngakhale ine wapakamwa.

Anachinena okha. Tsiku lina anafika mochedwa, zala zili zakuda ndi utomoni wa fodya. Anali akuthena fodya m'kamunda kakang'ono kamene anatsala nako kuseri kwa nyumba. Anakhala pa kampando kaja, n'kumatikita zalazo ndi dothi. Anati mlimi aliyense amadziwa kuti pa fodya chokongola ndi duwa, koma ndi lomwelo limene umathyola kuti masamba alemere, ndipo iwo athyola maluwa zaka zonsezi osamva kanthu. Kenako anaimirira n'kundiuza kuti ndigwire belu.

Analankhula mosadodoma. Pamalo pa nkhani ya akazi awo ananena chiganizo chimodzi chokha, chakuti gulu lathu linayamba ndi mtondo umodzi. Atatero anakhala chete, kupuma mpweya umodzi wautali, kenako n'kupitiriza za mabotolo, za masitolo a ku boma amene amafuna chiponde chambiri kuposa chimene mikono yathu ingasinje, ndi za makina. Anamaliza belu lisanalire. Tinaomba m'manja, koma osati kwambiri. A Tembo anawayamikira, n'kuwonjeza kuti kachete kaja nako kachoke, chifukwa majaji angaganize kuti aiwala mawu.

"Yayi, mama, pamenepo musakhudzepo," anatero a Zgambo. "Pali munthu."

Ananena mmene timanenera m'minibasi, mnzako akatsika kukagula nthochi iwe n'kuika dzanja pampando wake. A Tembo anatseka laputopu ndipo sanabwerezenso nkhaniyo.

Ku Chipata tinapita atatu. Holo yake inali yaikulu, yozizira, ndipo pakona ya tebulo la majaji panali kabelu konyezimira. A Zgambo anakayang'anitsitsa kuyambira polowa. Itafika nthawi yathu anaima, kuvula chipewa, n'kulankhula ngati munthu amene anabadwa ndi mawu ochepa. Zithunzi zinkasintha pakhoma molingana ndi mawu awo. Atafika pa mtondo anapuma mpweya wawo uja, holo inati zii, ndipo ine ndekha ndi a Tembo tinkadziwa amene wakhala pamenepo. Anamaliza, anathokoza kuti yewo chomene, belu silinalire.

Kenako panabwera mafunso. Anafunsa za ukhondo, za kumene timagula mabotolo, za magetsi, ndipo anayankha mwachidule monga anaphunzirira. Pomaliza mayi wina wachikulire pakati pa majaji anavula magalasi, kutsamira pampando ngati munthu amene ali ndi tsiku lonse, n'kufunsa mokoma mtima.

"Adada, mwakamba za mtondo umodzi. Nanga mwine wake wa uja mtondo anali ndani?"

Ndinaona a Zgambo akutsegula pakamwa, ndinaona chifuwa chawo chikudzaza mpweya wa nkhani yonse ija. Kenako maso awo anapita pa kabelu.

"Ni mai wina wake wa kwathu kukaya," anatero.

Mayi uja anadikira pang'ono. Ataona kuti palibe china chikubwera, anavalanso magalasi n'kuthokoza.

Makina tinawapeza. Anatiitana kutsogolo, anatijambula, a Tembo anavina. Pa chithunzi cha tsikulo a Zgambo akumwetulira ngati wina aliyense. Koma m'minibasi yobwerera ku Lundazi anakhala chete mpaka tinadutsa midzi yambiri, iwo amene ankadziwa mbiri ya mtengo uliwonse wa pamsewu umenewo. Kenako anandigwira pamkono n'kufunsa ngati pa mafunso paja belu linkawerenganso nthawi. Ine ndinali nditafunsa kale a Tembo panja pa holo. Ndikanatha kunama, koma iwo sanali munthu wonamizidwa. Ndinawauza kuti ayi, pa mafunso panalibe belu, akanatha kulankhula mmene akanafunira. Palibe anatiuza, nafenso sitinafunse. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo tinalidya tonse atatu.

"Ndiye ananitsegulila chitseko," anatero, "ine n'kumusiya panja."

Anatembenukira kuwindo, ndipo ndinaona mapewa a jekete lija akugwedezeka. Sindinawatonthoze. Ndinangowasungira chipewa kuti chisagwe.

Kuyambira pamenepo nkhani yaitali ija sanainenenso. Alendo obwera kudzaona makina ankalandira mphindi zitatu zomwezo, ndi kachete kake. Ife amene tinkaithawa nkhaniyo tinayamba kuipempha, koma ankangoti taimva kale. Tinaganiza zowasangalatsa polemba dzina la NyaMtonga pa mapepala omata pa mabotolo. Apa ndiye tinakangananso koopsa. Anati dzina la munthu silimatidwa pa botolo loti mawa likhala la mchere, mkuja lili kudzala. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, anandiuza kuti ndaphunzira kwa iwo. Malonje a pamsewu okha sanasiye, koma nawonso anafupika, ndipo anthu anasiya kukhotera m'chimanga. Ena ankati a Zgambo achira. Ine ndinkaona kuti china chake chathyoka.

Tsopano ndifike pa matenda aja. Atatuluka m'chipatala cha ku boma, mwana wawo anabwera kudzawasamala, ndipo masana ankawakhazika pachigafa kuti azimva phokoso la makina. Mawu onse anapita, moni, mayina a ng'ombe, nyimbo za kutchalitchi. Anatsala ndi liwu limodzi lokha. Akafuna madzi ankati NyaMtonga. Dzuwa likawafika kumapazi ankati NyaMtonga. Ine ndikafika ankandiyang'ana ndi diso lija lokangana nalo n'kunena kuti NyaMtonga, ndipo ndinkayankha ngati andilonjera, kuti ndili makora, adada. A Tembo atabwera kudzawaona, a Zgambo anawagwira dzanja n'kuwauza dzinalo mobwerezabwereza, momveka bwino, ngati akuyankha funso. A Tembo anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa chigafa. Adokotala akuti zimachitika, ubongo umasunga liwu limene wafuna. Ine sinditsutsana ndi adokotala, koma ndikudziwa funso limene ankayankha.

Ndimawasowa a Zgambo. Ndimasowa ngakhale kuchedwa kumene ankandichedwetsa. Gulu lilipo, atsikana anabwerera, makina akulira m'mawa uliwonse, ndipo ambiri mwa osinja lero NyaMtonga sanawaonepo. Nkhani yaitali ija ndayesa kuilemba apa mmene ndikuikumbukira, koma mayina ena a azimayi oyambirira andithawa, ndipo woti ndimufunse palibe.

Chigafa chija tinachifolera ndi malata. Njinga yakuda yapachikidwa kumtanda, matayala aphwa, belu lachita dzimbiri. Pafupi ndi chitseko pali kampando kaja, kamene kanali ka NyaMtonga kenako ka amuna awo, ndipo pambali pake pali munsi woyedzamira khoma. Palibe anapangana kuti pasakhale munthu, zinangochitika. Posachedwapa kunabwera mwini sitolo wa ku Chipata kudzaona ntchito yathu, ndipo anakakoka kuti akhalepo. Mayi wina wachikulire, osadzutsa mutu pa lichero lake, anamuuza kuti pali munthu, n'kumulozera benchi. Mlendoyo anapepesa, ndipo nthawi yonseyo ankacheukira kuchitseko kudikira mwini mpando.

Wolankhulira gulu tsopano ndine. Ndinaimirira n'kumufotokozera mlendoyo bizinesi yathu ndi mawu omwe aja, osawonjeza, osachotsa. Nditanena kuti gulu lathu linayamba ndi mtondo umodzi, ndinaima. Kale pamenepo pankakwana mpweya umodzi. Masiku ano ndimapuma kawiri, ndipo palibe amene amandilizira belu.